Kusankha sikweya yaing'ono yoona: mafunso ndi mayankho kwa akalipentala a ku Joni

Amalawi ogwira ntchito ya matabwa kuno ku Johannesburg tilipo ambiri. Ena ali m'mawekishopu a ku Kya Sands ndi ku Wynberg, ena akuika makabati m'makhitchini a ku Randburg ndi ku Fourways, ena akukhoma mabedi ndi mashelefu kuseri kwa nyumba ku Diepsloot, ku Cosmo City ndi ku Tembisa. Tikakumana, nkhani ya zida sichedwa kubuka, koma imathera pa dirilo, pulena yamagetsi ndi sowo. Za sikweya, chida choyesera ngati ngodya ili madigiri 90, timakamba mwa apo ndi apo, chonsecho ndiyo imauza zida zina zonsezo podutsa. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene achinyamata ongofika kumene, ngakhalenso amisiri ena akale, amandifunsa kawirikawiri.

Achimwene, ndili kale ndi sikweya yaikulu. Yaing'ono ndi yachiyaninso?

Yaikulu ija, ya mikono ya mamilimita 600 ndi 400, ndi ya denga, mafelemu a zitseko ndi mabolodi athunthu. Mu dirowa siilowa, pamphepete pa bolodi la mamilimita 16 siikhazikika, ndipo simungaiimike pambali pa bledi ya sowo. Komanso ndi yopyapyala. Ikangopondedwa kamodzi kumbuyo kwa bakkie ndiye kuti yasintha, ngakhale maso asakuone.

Yaing'ono imakuuzani ngati mphepete mwapala ija yaimadi bwino, imalemba mizere ya majointi, imalowa m'makona a kabati. Koma ntchito yake yaikulu ndi kuyesa zida zinzake. Ili ngati mwala wa kilogalamu umene amayesera sikelo pamsika: mwalawo ukanama, aliyense wogula tsiku limenelo wabwerera ndi katundu woperewera. N'chifukwa chake ndimati pa zida zonse za m'bokosi, iyi yokha musaigule mwachisawawa.

M'shopu muli mitundu yambiri. Kusiyana kwake n'kotani?

Sikweya iliyonse ili ndi mbali yokhuthala imene timaikhazika pathabwa, ndiyo chogwirira, ndi mbali yopyapyala imene timalembera mzere, ndiwo mkono. Mitundu imasiyana pa momwe ziwirizi analumikizira.

Try square ndi ija ya chogwirira chathabwa chokhala ndi kamkuwa, imene ambiri tinaphunzirira kumudzi, kaya ku Namitete, ku Soche, ku Nasawa kapena pansi pa mtengo wa mango kwa amalume. Imakoma m'manja, koma thabwa limapuma. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika. Kuyambira October mpaka March kumagwa mvula. Chogwirira chimafufuma n'kufwapa chaka ndi chaka, timisomali togwira mkono timakhwepa, ngodya n'kusuntha mwakachetechete.

Engineer's square ndi yachitsulo chokhachokha, yosasunthika, nthawi zambiri yopanda manambala. Anaipangira amisiri a zitsulo, amene amawerengera zidutswa za milimita, choncho kwa ife a matabwa ndi yoona mopitirira zosowa zathu. Pakona yake yamkati pamakhala kamphako kakang'ono. Musaganize kuti yathyoka, kamphakoko n'kothawiramo utuchi kuti thabwa likhale bwino.

Combination square ndi ya rula yotsetsereka, yokhala ndi madigiri 90 ndi 45 pamutu umodzi, kalevulo ndi kasingano kolembera. Anaiyambitsa ndi Laroy Starrett wa ku America, amene analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1879 n'kutsegula kampani ya L.S. Starrett ku Athol, Massachusetts mu 1880. Mng'ono wake ndi double square: rula imatsetserekanso, koma mbali zonse ziwiri za mutu ndi madigiri 90. Iyi ndi yothandiza kwambiri poyeza kuya kwa bowo kapena polemba pokhala mahinjesi pa zitseko khumi mofanana.

Speed square, ya makona atatu ija, ndi yotsogolera sowo podula mitengo ya denga. Pa mipando ndi makabati isakhale muyezo wanu.

Ndiye ndiyambe ndi iti?

Engineer's square ya mamilimita 100. Ilibe chotsetsereka, ilibe thabwa, palibe choti chikhwepe. Ndalama ikapezeka, onjezani combination square yabwino ya mamilimita 150 yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo muziiyesa ndi yachitsulo ija.

Combination square yotchipa kwambiri, ya mutu wopepuka ndi rula yofewa, ndiyo ndimaletsa abale anga kuidalira. Lero ikhoza kukhala yoona, mawa mwamasula n'kumanganso, yaloza kwina. Yabwino imakhala ndi mutu wolemera wachitsulo, rula yolimba ya manambala ogoba osati opaka utoto, ndipo mukamanga nati rula siigwedera ngakhale pang'ono.

Ya 100 kapena ya 150?

Ngati ntchito yanu yambiri ndi madirowa, mipando ndi kutchera makina, ya 100 ndi yokwanira ndipo imalowa m'thumba la ovolosi. Ngati mumagwira kwambiri mitengo ya mamilimita 38 ndi 114, tengani ya 150, kuti mkono uzidutsa thabwa lonse kamodzi. Ya 50 kapena 75 ndi yokongola, koma yoyamba isakhale imeneyo.

Pa sikweya zina palembedwa DIN 875/1 kapena DIN 875/2. Zikutanthauza chiyani?

DIN 875 ndi muyezo wa ku Germany wonena kuti sikweya ingalakwe mpaka pati. Uli ndi magiredi anayi: 00, 0, 1 ndi 2, ndipo nambala ikamachepa, sikweya imakhala yoona kwambiri komanso yodula. Pa mkono wa mamilimita 100, giredi 2 imaloledwa kulakwa mamilimita 0.03, giredi 1 mamilimita 0.015, giredi 0 mamilimita 0.007. Kuti muone kuchepa kwake, pepala wamba la A4 limakhuthala pafupifupi mamilimita 0.1. Ndiye kuti ngakhale giredi 2, yotsika pa zonse, kulakwa kwake sikufika theka la pepala limodzi.

Kalipentala sasowa giredi 0 kapena 00. Zimenezo ndi za m'zipinda zoyezera zitsulo, ndipo thabwa lenilenilo limasuntha kuposa pamenepo nyengo ikasintha. Giredi 2 ndi yokwanira, giredi 1 ndi yabwino ngati mtengo wake simukuumva kuwawa. Za ku Britain zimalembedwa BS 939, ndipo giredi B ndiyo ya m'wekishopu.

Komabe zolembedwa ndi lonjezo la fakitale pa tsiku limene sikweya inatuluka. Kuchokera pamenepo yayenda m'sitima, m'magalimoto, mwina yagwapo pashelefu. Muiyese nokha.

Ndingaiyese bwanji popanda makina?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo sipafunika ndalama.

Pezani kachidutswa ka supawood (bolodi losalala la utuchi wopanikiza) kotalika ngati mamilimita 300, kokhala ndi mphepete imodzi yowongoka bwinobwino. Tsimikizani kuwongokako poika rula yachitsulo pamphepetepo n'kuyang'ana kumene kuli kuwala. Mphepete ikakhala ndi mimba, mudzaimba mlandu sikweya yosalakwa.

Khazikani chogwirira pamphepetepo chitaloza kumanzere, chikanikizeni ndi chala chachikulu, ndipo lembani mzere motsata mkono kuchokera pansi mpaka kunsonga. Kenako tembenuzani sikweya kuti chogwirira chiloze kumanja, pamphepete yomweyo. Isuntheni mpaka mkono ufike poyambira mzere woyamba uja, mulembe wachiwiri. Mizere iwiriyo ikalowana n'kukhala umodzi, sikweya ndi yoona. Ikayambira pamodzi n'kumatalikirana kumtunda, kapena ikapingasana, yakhota. Mpata umene mukuuona kunsongako ndi kulakwa kwa sikweya kowirikiza kawiri, chifukwa yalakwira kumanzere n'kulakwiranso kumanja. Ubwino wa njirayi ndi umenewu: imakulitsa cholakwa kuti maso achione.

Ena amakonda kusiya mpata wa milimita imodzi pakati pa mizere iwiriyo, n'kuona ngati mpatawo uli wofanana pansi ndi pamwamba. Nazonso n'zabwino, mwinanso zimaoneka msanga.

Pensulo yafulati ya kalipentala pano ayi. Mzere wake ndi wonenepa kuposa cholakwa chimene mukufunafuna. Gwiritsani ntchito pensulo yosongoka ya mamilimita 0.5 kapena nsonga ya mpeni, ndipo dzanja lipendeke mofanana pa mizere yonse iwiri. Musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerezani pamalo ena a bolodi lomwelo kuti mutsimikize.

Yesani mbali zonse ziwiri za mkono, yakunja ndi yamkati. Masikweya ena, makamaka a chogwirira chathabwa, amakhala oona mbali imodzi yokha. Chomaliza, yendetsani chala pa chogwirira: pakakhala kachitsulo kotumphuka, sikweya siingakhale bwino pathabwa ngakhale ngodya yake ili yolondola.

Sindingangogundanitsa masikweya awiri a pashelefu n'kuona ngati akugwirizana?

Sizokwanira. Mukalowetsa ina mkati mwa inzake, awiri okhota mofanana amagwirana bwinobwino. Mukawaimika msana ndi msana patebulo, ina yopitirira madigiri 90 ndi ina yoperewera zimabisirana. Kugundanitsa kumathandiza pokhapokha imodzi mwaiyesa kale ndi mizere ija.

Kukhota pang'ono chonchi kuli ndi vuto lanji? Si filler amatseka?

Tiyeni tiwerengere. Mwaona mpata wa theka la milimita pakati pa mizere iwiri, pa mkono wa mamilimita 100. Sikweya yanu ikulakwa mamilimita 0.25 pa 100 aliwonse. Mukatchera nayo makina n'kudula mbali ya kabati yakukhitchini ya mamilimita 600, mwataya milimita imodzi ndi theka. Pa wadirobu ya mamilimita 2,400, kupendamako kumafika mamilimita 6. Zitseko ziwiri zoyandikana zimaonetsa zimenezi kwa aliyense wolowa m'chipinda, dirowa imakhula mbali imodzi, ndipo masikuluwu a mahinjesi amatha osakonza kanthu.

Pa felemu ya makona a madigiri 45 ndiye zimanyanya, chifukwa pamakhala malo odula asanu ndi atatu. Aliwonse akalakwa theka la digiri, pomafika pakona yomaliza mwasonkhanitsa madigiri anayi, ndipo konayo imayasama.

Filler amatseka mpata, koma salimbitsa jointi. Guluu amagwira pamene matabwa akhudzana. Ndipo pa melamine, mabolodi okutidwa kale ndi kachikopa kosalala aja, amene ambiri tikudyera kuno, palibe pobisala: simungapale, simungakwechese sandipepa, mmene mwadulira ndi mmene kasitomala adzaonere. Ife alendo ntchito timaipeza chifukwa mayi wa nyumba ina wauza mnzake kuti Mmalawi uja amagwira bwino. Zitseko zoima molingana ndizo zimatilankhulira.

Nanga aluminiyamu okongola aja, ndi tizida ta manambala ta batire?

Masikweya a aluminiyamu odulidwa ndi makina, monga ofiira a Woodpeckers a ku America, amakhala oona ndithu, ndipo sachita dzimbiri. Vuto lake ndi kufewa. Mukamalemba ndi mpeni, mpeniwo umasenga mphepete pang'onopang'ono, ndipo ikagwa pasimenti kona imaphwanyika. Ngati mumalemba ndi pensulo yokha pa mabolodi, ndi abwino. Wa majointi a pamanja atenge chitsulo cholimba.

Kabokosi ka maginito koonetsa madigiri kamathandiza popendeketsa bledi pa madigiri 22.5 kapena 30. Koma tambiri timawerenga mpaka 0.1 ya digiri basi, ndipo 0.1 ya digiri pa mamilimita 100 ndi mamilimita 0.17. Yerekezani ndi 0.03 ya giredi 2 ija. Pa madigiri 90, kachitsulo kopanda batire ndiko kali patsogolo. Zoyezera madigiri za pafoni, zisiyeni zikhale zopachikira zithunzi.

Kwathu tinazolowera mainchi. Ndigule ya manambala ati?

Kuno zonse ndi mamilimita. Matabwa a paini amagulitsidwa ngati 38 ndi 38, 38 ndi 114, 50 ndi 76. Bolodi la melamine ndi 2,750 ndi 1,830. Bowo la hinjesi ya kabati ndi mamilimita 35. Mukapita kodulitsa mabolodi, mndandanda wanu amaufuna m'mamilimita. Choncho rula ya combination square ikhale ya mamilimita. Samalani pogula pa intaneti, chifukwa zambiri zochokera ku America zimabwera ndi mainchi okhaokha. Engineer's square ilibe nkhani imeneyi, poti ilibe manambala; ya mainchi 4 ndi ya mamilimita 100 n'chimodzimodzi pa ntchito.

Ndingaipeze kuti kuno ku Joni?

M'mashopu akuluakulu monga Builders Warehouse ndi Leroy Merlin mumapezeka ma try square ndi ma combination square ambiri. Engineer's square imapezeka kwambiri m'mashopu a zida za amisiri a zitsulo ndi m'mashopu a akalipentala enieni, monga Hardware Centre ku Strijdom Park, Randburg. Maina odziwika ndi Starrett ya ku America, Mitutoyo ndi Shinwa a ku Japan, Moore & Wright ya ku Sheffield, ndi Groz ya ku India imene mtengo wake ambiri timaufikira. Combination square ya Starrett imafika m'masauzande a marandi, ndipo sindingauze munthu amene akutumiza ndalama ya fetereza kumudzi kuti ayambire pamenepo.

Kulikonse kumene mukupita, tengani kabolodi kanu ndi pensulo. Pemphani wogulitsa mwaulemu kuti muyese, tsitsani atatu kapena anayi a mtundu umodzi, musankhe yoona kuposa anzake. Ikakhala yomatidwa m'pulasitiki, funsani ngati amalola kubweza, sungani lisiti, ndipo muiyese tsiku lomwelo. Pogula pa Takealot kapena kwina pa intaneti, chitaninso chimodzimodzi ikangofika.

Zakale nazo musazinyoze. Ku Cash Crusaders, ku Cash Converters ndi pa Facebook Marketplace nthawi zina kumatuluka masikweya a amisiri opuma ntchito, achitsulo chabwino kwambiri. Dzimbiri lapamwamba limachoka; chokana ndi mphepete yodyeka ndi mpeni, maenje a dzimbiri pa chogwirira, ndi mkono wopindika. Koma munthu akakupezani pamsewu ndi bokosi lathunthu la zida pamtengo wa nkhomaliro, musagule, abale anga. Pali mmisiri mnzathu kwinakwake amene wadzuka m'mawa umenewo wopanda chogwirira ntchito.

Ndimaigwiritsa bwanji potchera sowo?

Choyamba zulani pulagi, kapena chotsani batire. Magetsi akathima musaganize kuti makina agona, amabwera osagogoda.

Pukutani utuchi patebulo la sowo, kwezani bledi mpaka pamwamba, khazikani chogwirira patebulo, mkono utsamire thupi la bledi pakati pa mano awiri. Mano ndi otambalala kuposa thupi, choncho mkono ukakhudza dzino mudzaona mpata wabodza. Ikani kuwala kumbuyo, ngakhale tochi ya foni. Kuwala kukamadutsa pamwamba kapena pansi, sinthani mpaka kutatsekeka. Nambala ya 0 yolembedwa pa makina musaikhulupirire musanachite zimenezi. Sowo yapamanja yamagetsi muitembenuze chagada, muyese bledi ndi chitsulo chake chapansi momwemo.

Mukatha, dulani kachidutswa, tembenuzani mbali imodzi, mugundanitse podulapo patebulo losalala. Mpata ukaoneka, bwererani.

Sikweya yanga ndi yoona, koma kabati ikafika pakhoma imaoneka yokhota. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi khoma. Pulasitala amakonda kunenepa m'makona, ndipo pansi pa nyumba zambiri sipali levulo. Sikweya yaing'ono siingakuuzeni za chipinda chonse, ngakhale za kabati yaikulu yonse. Pa kabati, yezani ndi tepi kuchokera kona ina kupita kona yopingasana nayo, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikafanana, bokosi lili bwino. Chitani zimenezi musanakhome bolodi lakumbuyo, chifukwa ndilo limamanga zonse. Pa chipinda, kuchokera pakona yezani mamilimita 600 khoma lina, 800 khoma linalo, n'kuika zizindikiro; pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala 1,000.

Mukapeza kuti khoma lathawa, aitaneni eni nyumba muwaonetse ntchito isanayambe, mugwirizane zoika kathabwa kotseka mpata m'mbali. Mukawauza pomaliza, amamva ngati mukuzemba mlandu. Chimene simuyenera kuchita ndi kukhotetsa kabati kuti itsate khoma, poti zitseko ndi madirowa sizidzakhululuka.

Yagwa pansi. Ingakonzeke?

Iyeseni kaye. Nthawi zambiri ngodya siinasunthe, kwangotumphuka kachitsulo pakona, ndipo kameneko mumakachotsa mofatsa ndi mwala wonolera. Combination square imakonzeka: mukachotsa rula, mkati mwa mpata wa mutu muli timizere totukuka pamene rula imakhala, ndipo mumapala mbali imodzi ndi tupa pang'ono kwambiri, kuyesa, kupalanso. Yaikulu ya denga imakonzedwa ndi pantchi: kumenya pafupi ndi kona yamkati kumatsegula ngodya, pafupi ndi kona yakunja kumaitseka.

Engineer's square ikapindikadi, musalimbane nayo. Ipakeni utoto pa chogwirira kuti aliyense adziwe kuti ndi ya ntchito zakunja, mugule ina.

Ndiisunge bwanji?

Isamagone m'bokosi limodzi ndi hamala ndi matchizulo. Ikhomereni kabokosi ka zidutswa za supawood, kapena muikulunge m'kansalu. Amene mumagwirira ntchito m'makontena ndi m'zisakasa zamalata mukudziwa mmene chinyontho chimagwirira zitsulo usiku, choncho muzipukuta ndi kansalu ka mafuta ochepa mukaweruka. Thukuta la m'manja nalonso limadyetsa dzimbiri. Musachotse dzimbiri ndi sandipepa wokhakhala pamphepete, mungadye ngodya. Guluu akaumirapo, muchotseni ndi kathabwa, osati tchizulo.

Za kubwereketsa, ndikudziwa kuti kwathu kumana mnzako chida n'kovuta. Khalani ndi ina yobwereketsa. Yoyesera zinzake isachoke m'manja mwanu, ndipo wophunzira wanu mumuphunzitse kuyesa ndi mizere iwiri sabata yoyamba yomwe.

Amalume, ndikufuna kutumizira mng'ono wanga amene akuphunzira ukalipentala kumudzi. Ndimugulire iti?

Mugulireni engineer's square ya mamilimita 150. Kumudzi amagula matabwa ochekedwa ndi macheka, a mlombwa, mbawa kapena paini, n'kumapala okha ndi pulena yapamanja, ndiye kuti mphepete iliyonse amaipanga yekha n'kuiyesa yekha. Iye amaifuna sikweya yoona kuposa ife amene mabolodi amatidulira ndi makina. Mukafuna kuwonjezera combination square, ya iyeyo ikhale ya mainchi ndi mamilimita pamodzi, chifukwa kumsika wa matabwa kwathu akadatchula mainchi.

Iyeseni musanatumize. Ipakeni mafuta, makamaka ngati ikupita kunyanja monga ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, kumene chitsulo sichichedwa kuchita dzimbiri. Mangani katoni mbali zonse ziwiri za mkono, muiike pakati pa bulangete kapena zovala, osati m'thumba limodzi ndi zida zolemera. Katundu wa pabasi amapanikizidwa ndi kutsitsidwa kangapo panjira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ikafika, muimbireni mumufotokozere za mizere iwiri ija, aiyese, akutumizireni chithunzi pa WhatsApp.